Fita Imene Amayi Anawononga

Abambo anayamba kugontha ndi khutu lakumanzere. Ife ana tinkati ndi chinyengo cha ukalamba chabe, kusankha zomva, chifukwa ukawakumbutsa za kumwa mankhwala ankangoyang'ana kumapiri, koma wina akanong'ona kuti kutsidya kwaphedwa nkhumba ankayamba kufunafuna nsapato. Koma chaka chija, nditafika kwathu ku Ntengo-Wambalame m'mwezi wozizira, ndinapeza kuti khutu lakumanja nalo layamba kutsata mnzake. Ndinagwada pafupi n'kuwapatsa moni, iwo n'kumangondiyang'ana pakamwa. Ndinabwereza mokweza, ndiye anayankha. Kuyambira tsiku limenelo sindinawasekenso.

Ndine mphunzitsi ku Furancungo, ndipo kumudzi ndimapita shikola ikatsekera. Mmawa wa tsiku lobwerera, ndikumanga katundu, abambo anandiitanira kuchipinda kwawo. Anakoka katoni pansi pa bedi. Inali yodzaza ndi makaseti, amene kwathu timati mafita, ena opanda zotengera zake, ena zolemba zitafufutika.

"Apulofesola," anatero. Amanditchula choncho akafuna kundituma ntchito yovuta. "Ati masiku ano nyimbo mumazilowetsa m'makina anu aja?"

"M'kompyuta, ababa. Zimatheka."

"Eya. Ukalowetse izi. Zikakanika zonse, basi, zikanike. Koma iyi yokha." Anatulutsa m'thumba la jekete fita imodzi yokulungidwa m'pepala la shuga. "Umu muli mawu a amayi ako. Ndifuna ndiwamve makutuwa asanatsekeretu."

Ndinakhala pansi pomwepo. Amayi anamwalira ndili mtsikana wongoyamba kumera mabere. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha pa kakhadi ka ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo chiswe chinadya kalekale. Ndimakumbukira manja awo, zidendene zawo zong'aluka, ndi mmene ankalumira nsonga ya duku pomanga. Koma mawu awo ndinawaiwala. Izi sindinauzepo munthu, chifukwa n'zamanyazi mwana kuiwala mawu a mayi ake. Ndikawalota amayankhula ndi mawu a mng'ono wanga, ndipo ndimadzuka nditakwiya.

Mafita amenewa anali ntchito ya manja a abambo. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza minda itasanduka tchire, pamene panali nyumba patamera mtengo. Tinayambiranso. Chaka chimene kachewere anabereka bwino koyamba, amuna ena anagula malata, ena ngolo. Abambo anga anapita ku Tsangano n'kubwerako ndi galavadolo, kamakina kojambulira mawu, atakafungatira ngati khanda. Denga linapitiriza kudontha.

Galavadoloyo inalibe wailesi m'kati mwake, ndipo chingwe cholumikizira panalibe amene ankachidziwa. Ndiye abambo ankatenga wailesi yathu yakale ija, imene tinabwera nayo kumsasa, n'kuiika patebulo moyang'anizana ndi galavadolo, milomo itagundana, ina ikuyimba ina ikumvetsera. Vuto lake linali lakuti galavadolo sinkasankha. Inkameza chilichonse chomveka m'nyumbamo. Choncho Loweruka lililonse masana, nthawi ya nyimbo pawailesi, pakhomo pathu pankagwa lamulo: aliyense chete. Ana tinkathamangitsidwira kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku zinkapirikitsidwa ngati zaba. Amayi sankaloledwa kusinja, kutsuka mbale, ngakhale kuitana mwana. Abambo ankakhala chowerama, chala chili pa batani, kudikira kuti woulutsa mawu atseke pakamwa. Oulutsa amene ankayankhula nyimbo isanathe ankawatukwana ndi maso okha, poti pakamwa sakanatha.

Ankasanja nyimbozo mwaluso, izi ndivomereze. Zovina pazokha, zamakwaya pazokha, zina zimene ankati zapaulendo. Ankadziwa kuti ikatha nyimbo yothamanga pafunika yopumira, ndipo sankaika nyimbo ziwiri zolira motsatizana. Madalaivala a malole odzagula kachewere ankabwereka mafita awo. Paukwati pakasowa oyimba ankatumiza mwana kwathu. Munthu amene anathawa ndi nkhwangwa yokha paphewa, n'kubwerera ndi nkhwangwa yomweyo, anali atapeza kanthu kodziwika nako. Panopa ndimamvetsa. Nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wokonda kamakina kuposa ife.

"Iyi anaiwononga amayi ako," abambo anatero akundipatsa fita ya m'pepala la shuga ija. "Analowa ine ndikujambula. Ndinaiika padera kuti ndidzajambulemo zina pamwamba. Ndiye mvula ya chaka chomwecho anayamba kudwala."

"Simunaimverenso?"

"Poyamba ndinali wokwiya. Kenako ndinkaopa. Pamene ndimati ndilimbe mtima, galavadolo inali itafa."

"Nanga anayankhula zotani?"

Anayang'ana pakamwa panga nthawi yaitali, mwina sanamve, mwina anamva. "Ukamva wekha," anatero.

Ndinanyamula katoniyo pamiyendo ulendo wonse, pamota, njinga yamoto, ndi m'shapa momwe, minibasi ya kwathu, kondakitala akulimbikira kuti ikwere pamwamba pamodzi ndi matumba a nyemba. Ndinamuuza kuti akwere pamwambapo ndi iyeyo. Fita ya amayi inali m'kamisolo.

Ndinkayesa ndi ntchito ya mlungu umodzi. Kompyuta ndinali nayo, yaing'ono yopinda. Chosowa chinali choyimbira mafita, ndipo ndinadabwa kuona kuti m'boma lonse la Furancungo zinthuzi zinatha ngati sizinakhaleko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndinayenda khomo ndi khomo. Ndinapeza galavadolo ina kwa mayi wina wamasiye wa kumpingo kwathu, ataisandutsa poikapo maluwa apulasitiki. Inkayaka, koma mafita sankazungulira. Wokonza mafoni wa kumsika ataitsekula anandionetsa kalamba ka mphira katasungunuka ngati phula. Anadula kena kuchokera ku chubu cha njinga. Fita inazungulira ndithu, koma oyimba ankamveka ngati amwa kachasu kuyambira mmawa. Tinatuma dalaivala wa shapa kuti akafune kalamba kenikeni ku Tete. Anaiwala. Atakumbukira anabweretsa kakakulu. Miyezi inkapita.

Nthawi imeneyo mng'ono wanga, amene amakhala pafupi ndi abambo n'kumawaphikira, anandiimbira foni. Anati Lamlungu lapitalo abambo anakhala pakhonde atavala jekete, kudikira belu la kutchalitchi, mpaka anaona anthu akubwerako. Belulo linali litalira kale, iwo osalimva. Nditadula foniyo ndinapita kumsika n'kumulalatira wokonza mafoni uja ngati ndiye anagonthetsa abambo anga. Mawa lake ndinakamupepesa.

Kalamba koyenera katafika, ndinagula chingwe chochokera pa bowo la zomvera m'makutu kukalowa m'kompyuta. Mnzanga wina wa kuntchito, wophunzitsa za makompyuta, bambo wa ku Tete wokonda kulongosola zinthu ngakhale osafunsidwa, anandiikira pulogalamu yojambulira. Anafuna kundionetsa kagwiritsidwe kake, ine n'kumuuza kuti kuwerenga ndimadziwa. Ndinatenga fita imodzi ya zovina, n'kupotokola vulumi mpaka kumapeto. Kwathu nyimbo yabwino ndi imene ikumveka kutsidya la dambo. Ndinaona timizere tiwiri pakompyuta tikuthamangira kumanja n'kukakamira pofiira, ndipo ndinasangalala, ndimvekere ndiye kuti zikulowa zambiri. Pomvetsera, zinali ngati kachewere akukazingidwa pachiwaya. Gitala, ng'oma, mawu, zonse zinali thetheretu.

Ndinabwerera kwa mnzanga uja mchira uli pansi.

"Kolega, vermelho não," anatero m'Chipwitikizi, akugwedeza chala. "Pofiirapo ayi. Timizere tikagunda pamenepo mawu ang'ambika, ndipo chong'ambika apa sichisokeka. Ukatsitsa pambuyo pake, ungokhala ndi chong'ambika chapansipansi."

Anandionetsa kachitidwe kake. Uyambe wafufuza pamene nyimbo yakwera kwambiri m'fitamo. Pamenepo utsitse vulumi pang'onopang'ono mpaka timizere tizisewera pobiriwira, n'kumangopsompsona pachikasu ng'oma ikagunda. Koma usatsitsenso mopitirira, chifukwa fita iliyonse ili ndi kaphokoso kake ka siii, ndipo ukajambula motsika kwambiri, podzakweza udzakweza ndi kaphokosoko. Anandiuzanso kuti ndizizula kompyuta kumagetsi pojambula, chifukwa magetsi athu amalowetsa kung'ung'udza ngati njuchi ili m'botolo. Choyimbiracho chizidya mapilya, ndiye kuti mabatire, atsopano, chifukwa akayamba kutha nyimbo zimakwawa. Mutu umene umawerenga fita ndiziupukuta ndi thonje loviika mu sipiriti. Ndipo chojambula choyamba ndizichisunga osachikhudza, zokonza zonse ndizichitira pa kope lina.

"Devagar, kolega, pang'onopang'ono," anamaliza. "Ntchito iyi ilibe chidule."

Analondola, ngakhale kuti sindinamuuze. Fita sithamangitsidwa. Ikakhala ya ola, ukhala nayo ola, maso pa timizere. Ndinaganiza zoyamba ndi mafita ena onse kuti dzanja lizolowere, ya amayi ikhale yomaliza. Ndikaweruka masana ndinkatseka chitseko, kuvala zomvera m'makutu, n'kuyamba.

Apa m'pamene ntchitoyi inayamba kundipweteka. Pa galavadolo yakale ija, nyimbo zikulira pabwalo, tinkangomva nyimbo. Koma m'makutumu, mulingo uli pabwino, pansi pa nyimbo iliyonse panali nyumba yathu. Ndinamva tambala amene anazemba lamulo. Ndinamva mpando wa abambo ukulira akamasuntha. Ndinamva mvula ikudontha m'beseni kuchipinda. Pa fita ina panali mwana akutsokomola chobisa, chapatali, chifuwa chouma cha mwezi wozizira, ndipo ndinadziwa kuti ndi ine. Pakati pa nyimbo ziwiri pankamveka kupuma kwa abambo, kenako thi, batani.

Amayi munalibemo. Ndinkatchera khutu mpaka mutu kuwawa. Katoni yonse, Loweruka pa Loweruka, zaka zingapo, ndipo ankakhala pomwepo, kuseri kwa khoma lomwelo. Tambala analowamo, beseni linalowamo, koma iwo ayi, chifukwa ndi okhawo amene ankamvera lamulo. Nthawi zina kukakhala zii pansi pa nyimbo ndinkati, apa ndiye amayi, akhala pamphasa manja ali pamiyendo, akudikira nyimbo ithe kuti atsuke mbale. Ndinawakwiyira abambo kwambiri masiku amenewo. Ndinawakwiyiranso amayi chifukwa cha kumvera kwawoko.

Mafita onse atatha, ndinamasula pepala la shuga lija. Fitayo inali yoipa kuposa anzake. Pepalalo linasunga chinyezi, ndipo m'mphepete mwa lamba munali nkhungu yoyera. Kasiponji kamene kamakankhira lamba kumutu kanali katagwa. Nditayesa kuzungulitsa ndi kaneta yolembera, lambayo anakana, kenako anayamba kumatuka pang'onopang'ono, akulira ngati pepala lonyowa. Ndinamasula tizitsulo ta fita ina yabwino, n'kusamutsira lamba wa amayi m'menemo. Ndinamuzungulitsa ndi kaneta mpaka kumapeto n'kubwereranso, osapuma bwino.

Mnzanga uja atabwera kudzaona anapukusa mutu. Anandionetsa fumbi lofiirira limene linatsalira pa zala zanga.

"Ukuona ichi? Mawu ake ndi amenewa, akuyoyoka. Iyi idutsa kamodzi, kolega. Uma vez. Kachiwiri sindikulonjeza."

Tanthauzo lake linali lakuti sindikanatha kufufuza pokwera kwambiri monga ndinkachitira ndi enawo. Mulingo unayenera kuikidwa mwa chikhulupiriro, fita isanayambe. Iye anati ndisiye pomwe ndinkaika pa mafita ena, popeza wojambula anali yemweyo ndi wailesi yomweyo, ndipo mawu a amayi tidzawakweza pambuyo. Ine ndinakana. Wailesi inali pakamwa penipeni pa galavadolo, koma amayi anali pakhomo, kutali, ndipo sanali munthu wokweza mawu. Ndinaopa kuti amira m'kaphokoso kaja. Nyimbo zikang'ambika zing'ambike, sindinabwerere nyimbo.

"Ndi fita yako," anatero. Anaona nkhope yanga, n'kutsanzika. Ndimamuthokoza mpaka lero chifukwa chochoka.

Ndinakweza pang'ono, mwina kupitirira pang'ono. Ndinaika mapilya atsopano, ndinazula magetsi, ndinapukuta mutu uja. Ndinapemphera pemphero lalifupi lopanda ulemu kwenikweni, lokhala ngati kuopseza. Kenako ndinadina.

Mbali yoyamba inali ya zovina. Timizere tinkakhala pachikasu, n'kumanyambita pofiira ng'oma ikagunda. Mawu ankazilala apo ndi apo pamene nkhungu inadya. Mawu a amayi munalibe. Ndinatembenuza, n'kupukutanso mutu, thonje n'kutuluka lofiirira. Mbali yachiwiri inayamba. Nyimbo inatha, ina n'kuyamba, ya gitala wodekha, ija abambo ankati yopumira. Ili pakati, ndinamva chitseko chathu. Ndinachidziwa nthawi yomweyo, chinkalira pawiri, poyamba mokweza kenako motsika.

Kenako mawu a munthu wamkazi, chapatali, osasa pang'ono.

"Inu, madzi aja akuzi..."

"CHETE!"

Timizere tinamenya pofiira n'kukakamira pomwepo. M'makutu mwanga munachita ngati mwasweka mbale. Anali abambo, ataweramira pa galavadolo, mawu awo akuposa a wailesi yomwe. Kenako chitseko chinaliranso, pang'onopang'ono, mmene amatsekera munthu wosafuna kusokoneza. Gitala anapitiriza mpaka nyimbo inatha. Abambo sanaimitse n'komwe.

Ndinakhala mpaka fita inafika kumapeto, kudikira kuti mwina abweranso. Sanabwerenso. Zonse zinali zomwezo.

Sindinawazindikire ndi mutu mawuwo. Ndinawazindikira ndi m'mimba. Anali mawu a munthu wamng'ono, wamng'ono kuposa ine lero, ndipo izi sindinazikonzekere. Moyo wanga wonse ndakhala ndikulira mayi wachikulire, koma amene anatsekula chitseko chija anali mtsikana woti ndikanatha kumutcha mng'ono wanga. Anali atatereka madzi, wawanyamula kupita nawo kubafa, wadikira, waona nthunzi ikutha, mpaka walimba mtima kuswa lamulo. Ndinalira mokweza mpaka mayi woyandikana naye nyumba anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi.

Pakompyuta mawu amaoneka ndi maso. A amayi anali ngati timaudzu tomera kumene. A abambo anali chikhoma chakuda, chodulidwa pamwamba ndi pansi pomwe. Nditamvetsera mobwerezabwereza ndinapeza kuti amayi anamaliza mawu awo. Pansi pa kukalipa kong'ambikako panali "zira" wamng'ono, wophwanyidwa. Ndikanasiya mulingo pomwe anandiuza mnzanga uja, mwina akanamveka bwinoko. Mwinanso ayi. Fitayo sindinaiyesenso.

Ndinapanga kope lina, n'kudula chikhomacho. N'kosavuta, umangochizunguliza n'kudina. Chinapita pamodzi ndi "zira" wa amayi. Zotsalazo ndinazikweza mpaka timaudzu tija tinafika pachikasu, kaphokoso ka siii nako n'kukwera ngati mvula ikubwera kudambo. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira chifundo abambo, nkhalamba isamve manyazi ake. Zinali zoona, koma theka. Theka linalo n'lakuti sindinkafuna kuti akhalemo. Anakhala kale m'katoni yonse.

Ndinapita kumudzi shikola itatsekera kumapeto kwa chaka, mvula ili pakati. Shapa inatitimira m'matope, tinatsika n'kukankha, kompyuta ili kumsana m'mapepala apulasitiki ngati mwana wodwala. Ndinafika madzulo, ndipo abambo sanandifunse za ulendo. Anangoyang'ana chikwama.

Mawa lake masana anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukhala pampando m'nyumba, manja pamaondo. Mng'ono wanga anati sangathe kupirira, anatenga khasu n'kupita kudimba. Ndinali nditabwereka zomvera zikuluzikulu, zophimba khutu lonse. Ndinawaveka, ndinakweza vulumi mpaka kumapeto, n'kutsegula kope lodulidwa lija. Ngakhale ndinali pambali, ndinkamva gitala akutuluka m'zomverazo. Ndinamva chitseko. Ndinamva amayi. Ndinayang'ana nkhope ya abambo.

Sinasinthe.

"Yayamba?" anafunsa.

Ndinabwezera. Anatsinzina, anakanikiza zomverazo ndi manja onse awiri.

"Kang'oma ndikukamva, kutali," anatero mokweza, monga amayankhulira anthu ogontha. "Bwezera."

Ndinabwezera. Ndinapatula mawu a amayi okha, opanda nyimbo yoyambirira, n'kuwakweza mpaka nawonso anayamba kunyambita pofiira. Ndinawaika khutu lakumanja lokha. Abambo anagwira mpweya, ine ndinagwira wanga. Mawu anadutsa. Iwo anali akudikirabe.

Anavula zomverazo n'kuziika pamiyendo.

"Wachotsapo kanthu."

"Ndangokonza, ababa," ndinakuwa. "Munali phokoso."

"Phokoso lanji? Ine ndili kuti?"

Anadziloza pachifuwa.

"Ndinakalipa pamenepo. Ukuyesa ndinaiwala? Ndakhala ndikudzimva zaka zonsezi popanda makina ako." Anakweza zomverazo n'kundilozera kompyuta. "Amayi ako makutuwa akuwakana, ndaona. Koma ine ndidzimva, ndinakuwa kwambiri. Ukandichotsa ineyo, ndidziwa bwanji pamene iwo ali? Bwezeramo."

Ndinatsegula chojambula choyamba chija, chosakhudzidwa. Gitala anayamba. Chitseko chinalira. Amayi anayankhula. Kenako abambo anadzidzimuka pampando ngati awabaya ndi minga, ndipo ine ndinamva kukalipako kuchokera pomwe ndinakhala.

"Apo," anatero. "Ndiye kuti angoyankhula kumene?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Bwezanso."

Ndinabweza. Ulendo uno anayamba kuwerengera ndi kang'oma kaja, chala chikugunda pabondo. Atatsala pang'ono kufika pokalipa paja anaweramitsa mutu, kupendeketsa khutu, ngati munthu amene akumvetsera wina ali pakhomo. Kenako anadzidzimukanso. Misozi inatsika m'makwinya mpaka pa kolala ya jekete, iwo osaipukuta.

"Mwanawe," anatero, "akuti chiyani?"

Ndinayesa kunena ndi mawu wamba, ndikuloza pakamwa panga. Sanagwire. Ndinachotsa chomvera chimodzi, n'kuika mlomo pakhutu pawo. Mawu amene amayi anawanena monong'ona, moopa, ine ndinachita kuwakuwa mpaka anamveka kumsewu.

"Akuti madzi akuzizira! Madzi osamba!"

Anayang'ana kuchitseko, ngakhale kuti si chomwe chija, chakale chinathyoka kalekale.

"Madzi," anatero. "Basi?"

"Basi, ababa."

"Tsiku lija sindinamve. Ndinangoona alowa, ine n'kukalipa. Sindinawafunsenso, iwonso sanabwereze." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka zonsezi ndimayesa ankadzandiuza kuti akumva kupweteka."

Ndinagwira dzanja lawo. Linali lozizira, lokhakhala. Mkwiyo umene ndinabwera nawo kuchokera ku Furancungo ndinaufunafuna m'mtima, osaupeza. Munangotsala chisoni, chawo ndi changa.

Anabwezera okha chomvera chija pakhutu, n'kukhala bwino pampando.

"Bwezanso," anatero.

Tinabweza masana onse, mpaka batire ya kompyuta inatha. Mawu a amayi, abambo sanawamve.